Amene Anatsala Mpaka Filimu Itatha

Biwi, Lilongwe
Loweruka masana

Dalitso mwana wanga,

Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndiye shoo ya mafilimu ya masana palibe. Ndakhala pa benchi yakutsogolo ija, imene umadandaula kuti ndi yopendekeka, ndikulemba ndi bolopeni ya amayi ako. Iwe uli kunyumba, ndipo ndikudziwa kuti ukupindanso zovala zimene wapinda kale. Mawa ukwera basi ya ku Blantyre kukayamba sukulu yako yokonza mawailesi ndi ma TV. Chibadwire sunagonepo kutali ndi ife.

Ndasankha kulemba chifukwa ndikamalankhula nthawi yaitali umayang'ana kudenga, mawu anga n'kumangokudutsa. Koma cholembedwa umachiwerenga mpaka kuchiloweza. Sukulu yanga inathera panjira, ukudziwa. Ukapeza mawu olakwika uwakonze mumtima, usabwere kudzandionetsa. Sindikuponyera miyambi ngati mmene amachitira agogo ako, poti umafunsa kuti nyama zimenezo zikukukhudza bwanji iweyo. Ndilemba zinthu mmene ziliri.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Thonje la m'makutu lili m'thumba lamkati la jekete. M'basi akakweza wailesi, tseka makutu. Usapite kutsogolo kukaitsitsa wekha ngati mmene unachitira mu minibasi ya ku Kawale. Anthu akamatsika panjira iwe usatsike, khala mpaka basi ifike pa depoti, malume ako a Fanuel akakhala akukudikira pomwepo. Ku hositelo ena adzagwira zinthu zako, adzasuntha nsapato zako pamene unaziika. Usakuwe. Uzibweze pamalo pake, basi. Mnzako akati "ndikubwera" uku akutuluka, usaime pakhomo kumudikira, mwina abwera mawa. Mphunzitsi akalakwitsa pa bolodi, dikira anthu atuluke, ukamuuze ali yekha. Usaiwale zimenezi.

Koma chimene chandikhazika pansi si thonje ayi. Ndi tepi ya filimu ija. Amayi ako aiona pansi pa chikwama, pakati pa mathalauza. Usaope, sitikulanda. Koma filimu imeneyi yayankhulidwa ndi anthu ambiri, a muno m'Biwi, a m'nyuzipepala, ngakhale a pa wailesi, ndipo iwe unamva onsewo. Amene sanayankhulepo ndi ine ndekha, bambo ako. Sindikufuna ukwere basi utanyamula mawu a anthu ena okhaokha.

Tepi imeneyi inabwera muno chifukwa cha kupupuluma kwanga. Ndinapita kutauni kwa mkulu amene timagulako matepi, ndili pachangu, sindinamuuze kuti aiyese. Ndinangoyang'ana chikuto. Panali mwamuna ndi mkazi ataima pafupi ndi njanji, mwamunayo atatseka makutu ndi manja onse, nkhope atakwinya. Ine ndinati apa ndiye kuti bomba laphulika. Nditafika ndinatenga choko n'kulemba pa bolodi panja kuti NKHONDO NDI CHIKONDI, LERO LOKHA. Ndiye phunziro loyamba ndi limeneli, Dalitso. Ku ntchito ukupitayi, chinthu uzichiyesa usanachilandire. Munthu akabwera ndi wailesi n'kunena kuti yangofa fyuzi, uitsegule uone wekha.

Ukukumbukira mmene munadzazira tsiku limenelo. Linali Loweruka ngati lero, makondakitala, anyamata a pa galaja, ana okhala pansi kutsogolo. Iwe unali pamalo pako, pambali pa deki yoonetsera matepi. Filimu inayamba. M'malo mwa asilikali tinaona mwamuna wogwira ntchito m'munda wa maluwa ogulitsa, akuthirira mapoto imodziimodzi, kuyambira kumanja nthawi zonse. Bwana wake akamulankhula, iye ankayang'ana kumbali. Sitima ikamadutsa ankatseka makutu n'kumagwedeza thupi. Kenaka kunabwera mkazi woyendetsa galimoto ya buledi, amene ankaima pamundapo m'mawa uliwonse.

Anthu anapirira pang'ono. Kenaka Jimu, kondakitala wa mano osweka uja, anakuwa kumbuyo.

"Abwana, bomba lija liphulika liti?"

Anthu anaseka. Wina anati, "Pititsani kutsogolo, mwina zibakera zili kumapeto!"

Ine maso anga anali pa mwamuna wa mufilimu uja, chifukwa chilichonse chimene ankachita ndinali nditachiona kale m'nyumba mwanga. Chizungu changa n'chopereweza, koma mkazi wina mufilimumo atatchula mawu akuti otizimu, ndinawazindikira. Uli wamng'ono, utachedwa kulankhula, dokotala wina anatiuza mawu amenewa kuchipatala. Ndinawaiwala tisanafike pa siteji, chifukwa panalibe mankhwala amene anatipatsa, ndipo ine ndinkaganiza kuti dzina lopanda mankhwala lilibe ntchito. Zaka zonsezi zitadutsa, ndinadzawamvanso m'shoo yanga yomwe.

Ndili m'maganizo choncho, Jimu anaimirira n'kuloza.

"Aaa, anthuni, taonani bwino! Ameneyu si Dalitso uyu? Dalitso, unapita liti ku Ulaya osatitsanzika?"

Chiseko chimene chinabuka sindidzachiiwala. Ena ankatseka makutu n'kumagwedeza mitu kukutsanzira. Iwe sunatembenuke. Unangoyandikira ku TV. Pambuyo pake anayamba kutuluka, akutukwana, ena akumenya malata. Filimu ikutha, m'shoo monse munatsala anthu atatu. Iwe, mdala Chimbalanga amene anali atagona kuyambira pachiyambi, ndi Esinati, mtsikana wa pa byuro ya foni moyang'anana nafe. Iye anakhala pa benchi yakumbuyo mpaka maina a osewera anayamba kukwera pa TV. Anaimirira, anati "Zikomo, abambo," n'kutuluka. Usaiwale dzina limeneli, ndibwereranso kwa iye.

Kumbukira ichi, mwana wanga. Anthu akamaseka pagulu, ambiri sadziwa n'komwe chimene akuseka. Akuseka chifukwa mnzawo waseka. Jimu yemweyo patapita masiku anabweretsa kawailesi kake kuti umukonzere, akukutchula "achimwene". Ku Blantyre udzakumana ndi a Jimu ambiri. Usamenyane nawo, usawafotokozere. Tuluka, pita pamalo pa phee, ubwerere mtima ukatsika.

Filimuyo sindinaionetsenso, koma nkhani yake inayenda Biwi yense. Aliyense anasanduka katswiri, ngakhale amene anatuluka isanafike pakati. Ometa tsitsi aja anati mkaziyo ankafuna munda wa maluwawo, osati munthuyo. Amayi ogulitsa makala anati n'zachizungu, kuno mkazi wanzeru zake sangalole zimenezo. Mkulu wina wa kumpingo anandiimitsa panjira n'kundiuza kuti filimu yotere ikuphunzitsa anthu kukhala ndi matenda m'malo mowapempherera. Ndipo nkhani yakale ija inadzukanso, imene ndikudziwa kuti unaimvapo, yakuti ine ndinakukhwimira, ndinatenga nzeru zako kuti shoo izidzaza. Ndikuuza poyera kuti ndi bodza. Ndinakubereka ndili mnyamata wosadziwa kanthu, ndinachita mantha, ndinakuzungulitsa kwa asing'anga ndi m'mapemphero kufunafuna chokuchiza. Zimenezo ndinachita. Koma kukugulitsa ayi. Shoo imeneyi ikanakhala ya mankhwala, bwenzi denga likudontha chonchi?

Za m'Biwi zinandipweteka, koma ndinali nditazizolowera. Zimene zinandisowetsa mtendere ndi za m'nyuzipepala. Nyuzi ya Loweruka ndimagula chifukwa cha mpira, kuti ndidziwe zolemba pa bolodi. Tsiku lina ndinapezamo chithunzi chomwe chija cha pa chikuto. Filimuyo anali ataionetsanso kwina m'tauni, kumalo a anthu ophunzira, ndipo mkulu wina analemba maganizo ake. Ndinawerenga pang'onopang'ono, mawu ena ndikudumpha, koma mutu wake ndinaumva. Ankayamikira zithunzi, nyimbo, ndi luso la wosewerayo. Kenaka anati nkhaniyo ndi yosatheka, chifukwa munthu wa otizimu amakhala m'dziko lakelake, sadziwa kukonda wina, ndipo chimene mkaziyo anali nacho ndi chisoni chabe.

Ndinapinda nyuziyo n'kuibisa pansi pa deki. Taganiza, kubisa chinthu pansi pa deki, pamene iwe umapukuta tsiku ndi tsiku, iwe amene umadziwa ngakhale sikuluu imodzi ikasuntha. Madzulo ake ndinakupeza utaitambasula pa benchi, chala chili pa mzere. Sunandiyang'ane. Unangofunsa.

"Adadi, munthuyu akunena zoona? Anthu ngati ine sitikonda?"

Ine ndinati, "Pukuta deki, anthu atsala pang'ono kubwera."

Unapukuta. Sunafunsenso. Koma ndikukudziwa, funso ukalifunsa limakhala pomwepo mpaka litayankhidwa, ngakhale papite chaka. Ndiye phunziro lina ndi ili: munthu akakufunsa chinthu chimene chikumuwawa, usamutume ntchito. Ngati ulibe yankho, nena kuti ndilibe.

Loweruka lotsatira m'nyuzimo munatuluka mayi wina kumuyankha mkulu uja. Iyeyu anati filimuyo ndi yoipa pa chifukwa china. Anati yakometsa zinthu mopitirira, yabisa mavuto amene makolo amakumana nawo, ndipo wosewerayo akungotsanzira za anthu amene sakuwadziwa. Anakangana choncho kwa masabata angapo. Pa wailesi napo anakambirana, anthu akuimba foni, wina akuti analira, wina akuti inamugonetsa. Iwe unadula zonse za m'nyuzizo ndi lumo n'kuziika m'katoni ya tepi. Ndinkakumva ukuziwerenga mokweza kuseri kwa shoo, mobwerezabwereza, ndi mawu ako osakwera osatsika aja.

Ine si wophunzira, sindingatsutsane nawo za makamera ndi nyimbo. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Onsewo ankakamba za anthu ngati iwe, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndinapita kukafunsa munthu wotere. Anaonera kamodzi, n'kupita kukalemba. Iwe waionera mpaka tepi yayamba kulemba mizere. Ine ndakhala nawe kuyambira tsiku limene unabadwa. Ndiye tsopano ndikuyankha funso lako, ngakhale mochedwa.

Ayi, Dalitso. Munthu uja sananene zoona.

Sindikukunyengerera, ndili ndi umboni, poti iwe umafuna umboni. Amayi ako atadwala malungo aakulu aja, ife tonse tinkalowa m'chipinda kunena kuti pepani, n'kutuluka. Iwe sunanene pepani. Unatenga mpando n'kukhala pakhomo, ukuthamangitsa ana kuti asachite phokoso, ndipo kapu ya madzi sinaume pambali pawo mpaka anadzuka. Mlongo wako Chisomo amaopa mdima. Ndani anamulumikizira kababu ku mabatire akale, osauzidwa ndi munthu? Ine ndikamachokera kutauni nditapsa mtima, umatsitsa wailesi ndisanalowe, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti umadziwira chiyani. Mawu akuti ndimakukondani sunawanenepo m'nyumba mwathu. Inenso sindinawanenepo kwa bambo anga mpaka anamwalira, koma palibe analemba m'nyuzi kuti sindidziwa kukonda. Usaiwale, mwana wanga: mkulu uja analakwitsa.

Tsopano tcheru, chifukwa apa ndi pamene pali mantha anga enieni. Filimu ija inanena zoona za mtima wako, koma inanama za njira. Ndipo iwe ukakonda chinthu umachitsata ndendende, sitepe ndi sitepe, ngati buku la wailesi.

Mufilimumo mwamuna uja anatsatira galimoto ya buledi mpaka anadziwa kumene mkaziyo amakhala. Kenaka ankaima pansi pa windo lake m'mawa uliwonse atanyamula duwa m'poto, osalankhula. Nyimbo inkalira, mkaziyo n'kutsegula katani akumwetulira. Iwe unachita chimodzimodzi. Unadzala duwa m'chitini cha majarini, n'kukaima nalo kutsogolo kwa byuro ya Esinati kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Osalowa, osapereka moni, kungoyang'ana chitseko. Kuno kunalibe nyimbo. Kunali anthu a pa siteji akuloza, ndi Kondwani mchimwene wake wa Esinati, amene anabwera ndi anzake awiri. Mwamwayi anayamba kwa ine.

"Abambo, ife timakulemekezani," anatero. "Koma mwana wanuyo mumuchotse apo. Anthu akuti akulodza mlongo wanga. Nthawi ina sitidzabwera kudzakuuzani."

Ndinakukoka pamkono, chitinicho unachisiya pakhonde. Unandifunsa kuti walakwa chiyani poti sunagwire munthu, sunatukwane. Zoona, sunalakwe mumtima. Koma tamvera. Muno m'Biwi unapulumuka chifukwa aliyense amadziwa kuti ndiwe Dalitso wa ku shoo. Ku Blantyre palibe akudziwa bambo ako. Mnyamata wachilendo akaima nthawi yaitali pakhomo la eni, osalankhula, osayang'ana anthu kumaso, akamufunsa n'kumachedwa kuyankha, amamukuwira wakuba. Unaona wekha zimene anamuchita mnyamata uja kumsika, tsiku limene ndinakuphimba maso n'kukubweza kunyumba. Gulu silifunsa kawiri.

Ndiye ndikulembera momveka. Usatsatire mkazi panjira, ngakhale patali. Usafufuze kumene amagona. Usaime pakhomo pake kapena pawindo pake. Ukafuna kupatsa munthu chinthu, pita pamene pali anthu, masana, upereke moni, unene kuti ndakubweretserani ichi, upereke, uchoke. Usagwire tsitsi la munthu ngakhale litalukidwa mwaluso bwanji. Mkazi akati ayi, ndi ayi, usabwerenso mawa kudzaona ngati yasintha. Akati ndiganiza kaye, usamufunse tsiku ndi tsiku. Ukasokonezeka kuti akutanthauza chiyani, usaganize wekha, funsa malume ako kapena akazi awo. Ndawauza kale, sadzakuseka. Palinso mbali ina. Udzapeza ena okusekerera chifukwa manja ako amadziwa kukonza zinthu. Munthu amene amakukumbuka pokhapokha wailesi yake ikafa, ameneyo ndi kasitomala, umutenge ngati kasitomala.

Kumapeto kwa filimu, mwamuna uja analowa paphwando la bambo a mkaziyo, n'kuima pakati pa alendo kunena mokweza kuti amamukonda, anthu onse n'kuomba m'manja. Pamenepa ndiye ndili ndi nkhani yanga, chifukwa si iwe woyamba m'banja lino kupusitsidwa ndi filimu. Ndili mnyamata, ndisanakhale ndi shoo yangayanga, ndinkasesa m'shoo ya munthu wina ku Chinsapo, ndipo mafilimu ndinkaonera ulere. Nditakondana ndi amayi ako, ndinati ndichita ngati amuna a m'mafilimu. Ndinabwereka jekete, ndinakwera galimoto mpaka kwawo ku Mitundu, ndekhandekha. Ndinafika pabwalo, ndinaona mpando wabwino pansi pa mtengo, n'kukhalapo. Unali mpando wa agogo ako aamuna. Atatuluka ndinaimirira, ndinawagwira chanza mwamphamvu, n'kunena kuti, "Ndabwera kudzakuuzani kuti mwana wanu ndimamukonda, ndikufuna kumukwatira."

Palibe anaomba m'manja. Amayi ako anathawira kuseri kwa nkhokwe. Agogo ako anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, kenaka anatembenukira kwa akazi awo.

"Kodi mnyamatayu anagwa kumwamba? Alibe malume? Alibe kwawo?"

Anandiuza kuti iwo nkhani za ukwati sakamba, ndipo sakundimva. Ndinabwerera ndi manyazi, jekete ili m'manja. Zinatengera malume anga kuchoka ku Thyolo, atanyamula nkhuku yopepesera, kukakumana ndi malume awo a amayi ako, kuti nkhani iyambe poyambira. Mpaka lero ndikapita ku Mitundu, amayamba abisa mpando uja mwanthabwala. Kuno ukwati sunena wekha, Dalitso. Mumayamba mwagwirizana awiri, mwakachetechete, kenaka umauza malume ako, iwo ndi amene amayenda. Ndipo ndikaganiza, njira yathuyi ikukuyenera iwe kuposa ya m'filimu. Suyenera kuima pagulu, suyenera kupeka mawu okoma. Pali anthu okulankhulira, ndipo zonse zili ndi ndondomeko yake. Iwe umakonda ndondomeko. Usaiwale zimenezi.

Ndinati ndibwereranso kwa Esinati. Chichitikire za chitini zija wakhala ukuzungulira njira ya kuseri kuti usadutse pa byuro, ndipo ine ndinakulimbikitsa kutero. Dzana, iwe utapita ndi amayi ako kukagula chikwama, iye anabwera kuno. Anaima pakhomo, anagwada pang'ono, n'kupempha kuti alankhule nane. Ine ndinati kwabweranso mlandu.

"Ndamva kuti a Dalitso akuchoka," anatero.

Ndinavomera.

Anayamba kusewera ndi makiyi a byuro. Kenaka anati, "Abambo, zija ankalemba m'nyuzi za filimu ija, inenso ndinkawerenga. Makasitomala amasiya nyuzi pa tebulo."

"Ndiye unaziona bwanji?"

"Onse aja ankalimbana ndi mwamunayo, akuti angakonde, sangakonde. Za mkaziyo anangogamula kuti anali ndi chisoni. Ine ndinaonera mpaka kumapeto. Mkazi uja analibe chisoni. Anali atatopa."

"Atatopa ndi chiyani?"

"Ndi amuna olankhula bwino. Abambo, ine ndimakhala pambali pa foni tsiku lonse. Ndimamva mwamuna akuuza mkazi kuti ndiwe wekha, akadula n'kundipatsa nambala ina, n'kunenanso mawu omwewo. A Dalitso chiyambire sanandinamizepo. Foni yathu itawonongeka anandiuza kuti ndinaigwetsa ndine, pamaso pa abwana anga. Ndinakwiya, koma zinali zoona."

Ndinaseka pang'ono, iyenso anaseka. Ndinamupepesa za tsiku lija. Anati chimene chinamuvuta si duwa, koma kuti unangoima osanena kanthu, anthu akuyang'ana, iye osadziwa chochita. Anati ukanalowa n'kupereka moni, bwenzi atalandira. Kenaka anandiitana kuti ndikaone kuseri kwa byuro. Chitini chija chilipo, Dalitso. Anachiboola pansi kuti madzi azituluka, ndipo duwa lakula mpaka analimangira kamtengo.

Pomaliza anandipempha adiresi ya kusukulu kwako. Akuti akufuna azikulembera.

Sindinamupatse. Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena kuti ayi, musiyeni mwana akaphunzire. Ndinaganiza za Kondwani, ndinaganiza za pakamwa pa anthu a muno, ndinaganiza za mmene ungadzasweke mtima zikadzalephereka, iwe amene ngakhale sitolo ikasintha malo umadwala nazo. Mantha amenewo ndikadali nawo pamene ndikulemba pano. Koma ndinakumbuka kuti aliyense wakhala akukugamulira, a pa siteji, a kumpingo, a m'nyuzi, ndi ine ndemwe. Ndiye ndinamuuza kuti adiresi ndi ya mwini wake, ndiyamba ndamufunsa.

Undimvetse bwino, usathamange. Sananene kuti amakukonda. Sananene za chibwenzi kapena za ukwati. Wapempha adiresi, basi. Mwina akufuna mnzake wolemberana naye, mwina m'tsogolo zidzakula, mwina adzalemba kawiri n'kusiya. Ine sindikudziwa, ndipo filimu yako sikudziwanso. Akakulembera, umuyankhe zimene wafunsa, umufunsenso za iye, usadzaze pepala lonse ndi za matiranzisita. Usakopere mawu a mwamuna wa maluwa uja. Lemba ako, ngakhale akhale ochepa. Zikadzafika pena, malume ako alipo. Zikadzatha, udzamva kuwawa ngati mmene amamvera munthu aliyense, ndipo udzabwera kunyumba, tidzakhala pa benchi yopendekekayi mpaka zidzapole. Sukulu ndiyo wapitira, imeneyo isatayike.

Tepi pita nayo. Koma mapepala a m'nyuzi aja, ndikupempha, uwachotse m'katonimo uwasiye. Akwana.

Magetsi abwera tsopano, ndikumva firiji ya pa grosale yayamba kulira, ndipo ana ayamba kale kusuzumira pakhomo. Ndiyenera kukalemba bolodi. Kalatayi ndikupatsa madzulo ano kuti uiwerenge usanagone, osati m'basi.

Mawa pa depoti padzakhala phokoso, amayi ako adzakhala akulira, ndipo ndikudziwa kuti sudzafuna kukumbatiridwa kapena kulankhula zambiri. Sindidzakukakamiza. Ndidzangokufunsa funso limodzi basi isananyamuke: ndimupatse Esinati adiresi? Ukati ayi, ndidzamuuza mwaulemu ndipo nkhani idzathera pomwepo. Ukati inde, ndikachoka pa depoti ndidzadutsira pa byuro ndisanatsegule shoo.

Uganize bwino. Nthawi ino palibe akuyankhire.

Ndine bambo ako,
Wisikesi